Muli pa CSD koma boma silikukupemphani kotesheni? Yang'anani makhodi anu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wokhala ku Rosettenville mu Johannesburg, kuno ku South Africa, kwawo ku Mulanje. Anakolopa maofesi ku Sandton zaka 7, kenako analembetsa kampani yawo yoyeretsa ku CIPC, ofesi yolembetsa makampani, ndipo pano ali ndi antchito anayi. Pa CSD (Central Supplier Database), kaundula wa makampani ofuna kugulitsa ku boma, analowa miyezi 8 yapitayo, nambala ija yoyamba ndi MAAA ali nayo, koma mpaka lero palibe ofesi ya boma yomwe inawapemphapo mtengo. Akufunsa kuti: "Anthu akungondiuza za makhodi. N'chiyani chimenechi, nanga chingandipezetse bwanji tenda yoyeretsa?"

Mayi, ambirife timaganiza kuti khodi ndi chida chosakira ma tenda a boma. N'zoona pang'ono, koma ntchito yake yaikulu ndi yoti a boma akupezeni inuyo. Tiyerekeze kuti dipatimenti ina ikufuna anthu okolopa ofesi kwa miyezi itatu. Ntchito yaing'ono ngati imeneyi sailengeza ngati tenda yaikulu. Wogula zinthu wa ku ofesiko amatsegula CSD, n'kusankha mtundu wa ntchito ndi dera, kompyuta n'kumupatsa mayina a makampani. Pa mayina amenewo m'pamene amatumiza maimelo, chifukwa amafunika makotesheni osachepera atatu. Ngati kampani yanu munailemba pansi pa khodi ina, dzina lanu silituluka n'komwe. Simunaluze, simunalowe m'bwalo.

CSD ndi ya National Treasury, ndipo kuyambira pa 1 April 2016 madipatimenti a boma amayenera kugula kwa okhawo amene alimo. Pa gawo la Commodities, pomwe mumalemba katundu kapena ntchito zomwe mumagulitsa, amagwiritsa ntchito ndondomeko yotchedwa UNSPSC. Khodi iliyonse ili ndi manambala 8, ndipo amawerengedwa awiriawiri, ngati mmene timalondolera munthu kwathu: boma lakuti, mfumu yaikulu yakuti, gulupu wakuti, mudzi wakuti. Awiri oyamba, 76, ndi chigawo chonse cha Industrial Cleaning Services. Mukalowa mkati, 7611 ndi Cleaning and janitorial services. Mkati mwakenso, 761115 ndi kuyeretsa nyumba ndi maofesi. Mudzi weniweni ndi 76111501, Building cleaning services. Umenewo ndiye wanu. Posankha muziyang'ana mayina achizunguwa, mutsike mpaka pansi penipeni, musaimire panjira.

Pamene ambiri amagwa ndi pa 47. Mlamu wanga anakhala chaka chathunthu akudandaula kuti boma lili ndi tsankho. Tsiku lina Lamlungu titabwera ku tchalitchi tinakhala pakhonde ndi laputopu, n'kutsegula akaunti yake. Analembetsa pansi pa 47, Cleaning Equipment and Supplies, chifukwa anaona liwu loti cleaning n'kungodina. Koma 47 ndi ya ogulitsa katundu: mopu, matsache, mabaketi, mankhwala okolopera. Maimelo awiri omwe analandira chaka chonsecho anali ofuna zigubu za sopo, iye n'kumaganiza kuti ndi akuba. Munthu ali ndi antchito ndi makina opukutira pansi, koma boma likumudziwa ngati wa shopu.

Palinso makhodi oyandikana nawo. 7610 ndi ya kupha tizilombo toyambitsa matenda, 7612 ndi ya zinyalala. Kutchetcha kapinga kuli ku chigawo china, 70, limodzi ndi za maluwa. Ngati mumachitadi zimenezi, onjezerani, chifukwa ma tenda ambiri amaphatikiza kukolopa ndi kusamala panja. Koma musadine chilichonse. Ndaonapo kampani ya anthu awiri yolembetsa kukolopa, kumanga misewu, kuphika ndi kugulitsa matayala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Maimelo adzakusefukirani, wofunika uja adzamira pakati pa enawo, ndipo wogula akaona lipoti lanu adzadziwa kuti ndinu ongoyesa mwayi.

Khodi iliyonse imafunanso dera lomwe mungagwireko ntchito. Anthu amasankha Gauteng mothamanga osaona bwino zam'munsimu. Onetsetsani kuti City of Johannesburg ilipo, ndipo ngati mungakwanitse kufikitsa antchito ku Germiston kapena ku Kempton Park nthawi ya 6 m'mawa, ikaninso Ekurhuleni. Tshwane muganize kaye za mtengo wa takisi.

Gawo lina, Industry classification, ndi losiyana ndi la Commodities. Limeneli limatsata SIC, ndondomeko ya mitundu ya bizinesi ya ofesi ya ziwerengero ya Stats SA, pomwe ntchito zoyeretsa zili pa 812, pansi pa Services to buildings and landscape activities. Lembani molondola, koma musaganize kuti mukalemba apa ndiye mwamaliza. Onani malo onse awiri.

Tsopano mbali yosaka nokha. Pa etenders.gov.za, tsamba lomwe boma limalengezapo ma tenda, simulemba manambala aja. Mumasankha gulu, ndipo ntchito zanu zimapezeka kwambiri pa Services: Functional, pomwe aphatikiza kuyeretsa ndi ulonda, komanso pa dzina lija la Services to buildings. Amene amaika ma tendawa ndi anthu, ndipo amasokoneza magulu, choncho muzisakanso ndi mawu: cleaning, hygiene, deep cleaning. Ine ndimachita zimenezi Lolemba ndi Lachisanu. Madipatimenti a boma lalikulu ndi a Gauteng amaloledwa kugula ndi makotesheni mpaka R1 miliyoni, kupitirira apo ndi tenda yolengezedwa. Kwa kampani ya antchito anayi, ndalama zanu zili pansi pa mzere umenewo. Tenda ya zaka zitatu ya chipatala chachikulu imafuna makalata a komwe munagwirako kale, ndipo makalatawo amachokera ku tintchito ta miyezi iwiri timeneti.

Za khonsolo ya mzinda wathu uno ndikuchenjezeni. Pa nthawi ya meya Herman Mashaba, City of Johannesburg inalemba ntchito alonda ndi okolopa ambiri omwe kale anali a makampani. Ndiye musaike mtima wonse kumeneko. Muziyendera masamba a makampani ake monga Joburg Water, City Power ndi Joshco, poti aliyense amaika zake, ndipo kumeneko mafomu a tenda ndi a MBD, a makhonsolo, osati a SBD a madipatimenti. Adzafunanso umboni woti mulibe ngongole ya khonsolo, kapena lizi ya pomwe mukuchita lendi.

Pali nkhani yomwe simunafunse koma sindingaibise. Ntchito zoyambira R30 000 mpaka R50 miliyoni amaziyeza ndi 80/20: mapointi 80 a mtengo, 20 a zolinga zomwe dipatimentiyo yasankha, monga umwini wa anthu akuda, amayi kapena achinyamata. M'lamulo la B-BBEE, lotukula anthu akuda pa chuma, munthu wakuda amatanthauza nzika ya South Africa mwa kubadwa kapena mwa makolo, kapena amene anali woyenera unzika pasanafike pa 27 April 1994. Ife a pasipoti ya Malawi sitilimo, ngakhale khungu n'lomweli. Kampani yaing'ono yosapitirira R10 miliyoni pachaka imapatsidwa Level 4 ya B-BBEE ndi kalata yolumbira chabe, koma ambiri mwa mapointi 20 aja mudzawaphonya. Ena amabwereka dzina la mnzawo wa kuno kuti akhale mwini wa papepala. Umenewo ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Ngati mukufuna mnzanu wa kuno, akhale mwini weniweni, wogawana naye phindu ndi mutu wopweteka womwe.

Ndiye nkhondo yanu ili pa 80 paja, koma musatsitse mtengo mpaka kulowa pansi pa malipiro a lamulo. Mu March 2025 malipiro otsikitsitsa a dziko lino anafika R28,79 pa ola, ndipo a makampani oyeretsa m'mizinda ikuluikulu ngati uno amakhala okwera kuposa pamenepo, malinga ndi Sectoral Determination 1. Amasintha chaka ndi chaka, funsani atsopano musanawerengere. Madipatimenti ambiri amafuna kuona masamu anu a malipiro, UIF (thumba la antchito ochotsedwa ntchito) ndi kalata ya COIDA (chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito), ndipo mtengo wosakwanira kulipira antchito amautaya.

Usiku uno lowani pa CSD, tsitsani lipoti lanu lonse, mupite pa Commodities muone ngati pali Building cleaning services ndi madera ake. Onaninso kuti msonkho wa ku SARS ukuonetsa kuti zili bwino, kuti banki inatsimikizidwa, ndiponso kuti imelo yomwe ili pamenepo ndi yomwe mumatsegula inuyo, osati ya mnyamata wa pa internet café amene anakulembetsani. Maimelo akayamba kubwera, ena adzakhala a akathyali: chizindikiro cha boma chokongola, akufuna katundu wachilendo, ndipo akukulozerani okha kokagula. Imbani foni ku dipatimentiyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha pa tsamba lawo, osati yomwe ili mu imeloyo. Mukakonza, mundilemberenso kuti munapeza khodi yanji pamenepo. Ndikukayikira kuti ndi 47.