Zithunzi zikuimira panjira, pakutuluka 504

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Katete amene amajambula pa maukwati ndi pa mwambo wa Kulamba: "Ndikusamutsa webusaiti yanga ya WordPress kupita ku seva ina. Zolemba zonse zalowa, koma zithunzi zimangolowa zochepa, kenako pamatuluka 504 Gateway Timeout. Kodi ndi netiweki yathu yakuno? Ndigule bundle yaikulu?"

Amayi, ndalama ya bundle isungeni. Fayilo ya XML imene munatulutsa ku webusaiti yakale ilibe zithunzi m'kati, muli ma adiresi ake okha. Mukachonga kabokosi ka "Download and import file attachments", seva yatsopano ndi imene imapita kukatenga zithunzizo ku seva yakale, chimodzi chimodzi. Sizidutsa pa laputopu yanu n'komwe. Ngakhale mutanyamuka kubwera ku Chipata kufuna intaneti yothamanga, 504 yomweyo ikupezani.

Chimene chikudya nthawi n'chakuti WordPress siingosunga chithunzi n'kupita pa china. Imachidula m'masaizi angapo: mapikiselo 150, 300, 768 ndi 1024, ndipo kuyambira WordPress 5.3 ya mu 2019 anaonjezapo 1536 ndi 2048. Chikapitirira mapikiselo 2560, imapanganso china chochepetsedwa. Theme yanu nayo imakhala ndi masaizi akeake. Chithunzi cha mapikiselo 4000 kwa 3000 chikatsegulidwa kuti chidulidwe chimafuna pafupifupi 48MB ya memory ya seva, pamene PHP, pulogalamu yoyendetsa WordPress, kawirikawiri imapatsidwa 128MB yokha. Ntchito yonseyi ikuchitika pa kudina kumodzi, ndipo pali mlonda pakhomo amene wagwira wotchi. Mlondayo ndi Nginx, pulogalamu yolandira alendo pa maseva ambiri, ndipo imadikira masekondi 60 ikakhala kuti sinasinthidwe. Yankho likachedwa, imatseka chitseko n'kukupatsani 504.

Ambiri amathamangira kukweza max_execution_time, malire a nthawi ya PHP, kuchoka pa masekondi 30. Sikulakwa, koma 504 ikuchokera kwa mlonda uja, osati kwa PHP. Ngati seva ndi yanu, kwezani fastcgi_read_timeout, nthawi imene Nginx imadikira, ifike masekondi 300. Ngati mukubwereka malo pa seva ya ambiri, eni ake sangakuloleni, choncho ntchitoyo muigawe.

Yambirani ku webusaiti yakale, ndipo isatsekedwe mpaka zonse zitatha, chifukwa ikazima zithunzi zilibenso kozitenga. Pa Tools, Export, sankhani Media n'kumatulutsa mwezi umodzi umodzi. Mwezi wa Ogasiti, wa Kulamba, mwina ukhala wolemera kuposa yonse. Umenewo muuyembekezere kuti uvuta. Musanalowetse, zimitsani mapulagini opanikiza zithunzi, chifukwa amawirikiza ntchito pa chithunzi chilichonse. Ntchito yolowetsa ikadukanso, dikirani mphindi zingapo, poti nthawi zina seva imapitiriza ntchito mwakachetechete ngakhale inu mwaona 504. Onani mu Media Library ngati chiwerengero chasiya kukwera, kenako lowetsaninso fayilo yomweyo. Zimene zinalowa kale WordPress imazidumpha. Mukadina msanga, ntchito ziwiri zimayenda pamodzi, ndiye mupeza zithunzi zamapasa, china chili ndi -1 kumapeto kwa dzina.

Anafunsanso kuti: "Nanga palibe njira yoti zonse zilowe kamodzi?"

Ilipo, ngati eni seva akupatsani SSH, njira yolowera mu seva n'kumalemba malamulo, ndi WP-CLI, chida cholamulira WordPress m'menemo. Kumeneko simudutsa pa Nginx, ndipo PHP siwerenga masekondi. Pulagini ya WordPress Importer ikhale yoyatsidwa, ikani fayilo ija pa seva, mulembe:

wp import fayilo.xml --authors=create --skip=image_resize

Mbali yomalizayo ikuuza seva kuti ingotenga zithunzi osazidula. Zikatha kulowa, mulembe:

wp media regenerate --only-missing

Apa ndiye masaizi aja akupangidwa, popanda wokuthamangitsani. Pano pokha ndi pamene netiweki yakwanu ingakulakwireni: ikaduka kapena magetsi akazima, SSH imatsekeka ndipo ntchito imafera pomwepo. Yambani mwalemba screen kapena tmux, mapulogalamu osunga ntchito ikuyenda, ngati zilipo pa sevayo, kuti ntchitoyo ipitirire ngakhale laputopu itazima.

Musanatseke webusaiti yakale, tsegulani zolemba zingapo, dinani chithunzi ndi batani lakumanja la mausi, muone adiresi yake. Ngati dzina la webusaiti linasintha koma adiresiyo ikulozabe kwakale, wp search-replace ikonza zimenezo. Yambani mwaika --dry-run kuti muone zimene isinthe, ndipo database ikhale itakopedwa kale.