Mawu a Chingerezi amene sindinkadziwa mtundu wake anandilanda ntchito ku Moatize

Achemwali, funso lanu la mmene mungaphunzirire mitundu ya mawu m'Chingerezi landitosa pachilonda, chifukwa ine ndinataya mwayi wa ntchito kaamba ka zomwezi. Mphunzitsi wina wa ku Ulongwe, ku Mozambique, amene ndinkamulipira ndalama zogulitsa mbatatesi, ankangotilembera mndandanda wa mawu, Chingerezi mbali iyi Chipwitikizi mbali iyo, osatiuza ngati liwulo ndi dzina, mneni, mfotokozi kapena muonjezi.

Tsiku la mayeso pakampani ina ya malasha ku Moatize anatiuza kuti tilembe kalata yofunsira ntchito. Bambo woyesa uja anatola pepala langa n'kuyamba kuliwerenga mokweza pamaso pa anzanga onse, cholembera chofiira chili m'manja. Anaima pa "informations" n'kufunsa ngati ndinaphunzirako sukulu, pakuti m'Chingerezi dzina limeneli silichulukitsidwa monga timachitira ndi "informações" m'Chipwitikizi. Anaimanso pamene ndinalemba "I can advice", nandiuza kuti "advice" ndi dzina pomwe mneni wake ndi "advise". Pofika pa "a worker honest" chipinda chonse chinaseka, ine thukuta lili kamukamu, m'kamwa mutauma, ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti mphunzitsi uja ankawona ziganizo zotere m'kope mwanga n'kumazichonga, ndalama n'kumalandira mwezi ndi mwezi, chikhalirecho sanatiuzepo kuti m'Chingerezi mfotokozi amatsogola dzina, mosiyana ndi Chinyanja chathu. Munthu wotere ndi wakuba, ngakhale avale tayi.

Pezani mtanthauziramawu wa Chingerezi chokhachokha, ndipo musanawerenge tanthauzo yang'anani kachilembo kotsatira liwulo: n. ndi dzina, v. ndi mneni, adj. ndi mfotokozi, adv. ndi muonjezi, pomwe U ikusonyeza dzina losawerengeka. Liwu limodzi ngati "work" limakhala dzina pena, mneni pena, choncho muzilemba ziganizo ziwiri zosiyana n'kudula mzere pansi pa mwininkhani ndi mneni. Muzikopanso zitsanzo za m'bukumo, popeza ndi mmene muonera mperekezi woyenera, monga "depend on". Komabe mindandanda ya mawu musaitaye, muziloweza ndithu madzulo alionse, ndipo mupeze mphunzitsi woti azikuchongerani, chifukwa panokha simungaone pamene chiganizo chapindika.