Galamafoni ikung'ung'udza: waya wa earth alowere kuti?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo kuti akudzutsa galamafoni ya malemu bambo ake, ndipo wadzipangira yekha waya wochokera ku mkono wonyamula singano kukafika ku ampulifaya. Nyimbo zikumveka, koma pansi pake pali kung'ung'udza kosalekeza. Akufunsa ngati ukonde wa kopa wokuta wayayo uyenera kukhudza chitsulo cha mkono.

Achimwene, ukondewo usakhudze ayi. Katiriji (kabokosi kogwira singano kumapeto kwa mkono) ya mtundu wa moving magnet imatulutsa mphamvu yochepetsetsa, pafupifupi 5 mV, ndipo gawo la phono, lolandira mawu a galamafoni mu ampulifaya, limaikweza maulendo 100, mawu a besi kuposa pamenepo. Kaphokoso kalikonse ka magetsi athu a 50 Hz kakangolowa, nako kamakwezedwa.

Kumbuyo kwa katiriji kuli timapini tinayi, kalikonse ndi waya wa mtundu wake. Woyera ndi wa kumanzere, mnzake ndi wabuluu. Wofiira ndi wa kumanja, mnzake ndi wobiriwira. Woyera apite pakati pa pulagi ya RCA (yolowa mu ampulifaya) ya kumanzere, wabuluu ku ukonde wa waya womwewo. Kumanja chitaninso chimodzimodzi. Maukonde awiriwa asakumane kumbali ya galamafoni.

Chitsulo cha mkono chipatseni waya wakewake wachisanu, amene ndiye waya wa earth, ndipo akamangidwe pa sikulu yolembedwa GND kuseri kwa ampulifaya. Waya ameneyu ndi maukonde aja akakumane kumeneko basi. Akakumana malo awiri, magetsi amapeza njira yozungulira, ndiye kung'ung'udza mukumvako. Mikono ya kampani ya Rega imadutsitsa earth pa waya wa kumanzere, komatu adaipanga choncho dala. Pa waya wodzipangira kunyumba sindingakulangizeni kutengera.

Pali msampha wina umene umandiwawa chifukwa anthu amataya nawo sabata yathunthu. Makatiriji ena ali ndi kachitsulo kolumikiza pini yobiriwira ku thupi la katiriji. Ngati mutu wa mkono ndi wachitsulo, njira yozungulira ija yabwereranso. Zimitsani zonse, zulani mapulagi, yezani ndi mita yoyezera magetsi, ija imalira zitsulo ziwiri zikakhala zolumikizana, pakati pa mkono ndi kunja kwa pulagi ya kumanja. Ikalira, wolakwa mwamupeza.

Waya asapitirire mita imodzi kwambiri, chifukwa makatiriji ambiri amafuna 47 kilohm ndi 100 mpaka 200 pF (muyeso wa capacitance), ndipo waya wautali amawonjezera ma pF, n'kusokoneza mawu apamwamba. Chonde musawotcherere pa mapini a katiriji: kutentha kumadula timawaya ta mkati. Wotchererani pa tizipanira tovala pa mapiniwo tili patokha, tizizire, kenako mutivale.