Kodi boma "linalanda" sitima ya Carmania?

Funso: Mphunzitsi wina wa phunziro la mbiri watitumizira chiganizo chomwe akufuna kulembera ophunzira ake: "Mu 1914 boma la Britain linalanda sitima ya Carmania, ndipo itakumana ndi Cap Trafalgar, Cap Trafalgar inamira." Akufunsa ngati Chichewa chake chili bwino.

Yankho: Aphunzitsi, chiganizochi chikumveka, koma aneni awiri, "linalanda" ndi "inamira", asocheretsa ana.

Carmania inali sitima ya kampani ya Cunard, yoyendera nthunzi, yomangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland mu 1905. Inkanyamula anthu pakati pa Liverpool ndi New York. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, asilikali apamadzi a Britain anaitenga, naiika mizinga 8, nayamba kuiyendetsa ngati sitima yankhondo.

Pachichewa, kulanda n'kutenga mwamphamvu chinthu cha mwini, ndipo wolandidwayo sayembekezera kuchionanso. Timalanda mpeni m'manja mwa mwana, apolisi amalanda katundu wakuba. Mwana akawerenga kuti boma linalanda Carmania, aganiza kuti eni ake anali adani kapena analakwira lamulo. Chonsecho Cunard inali kampani ya ku Britain komweko, ndipo sitimayo inabwerera m'manja mwake mu 1916, n'kugwirabe ntchito kwa zaka zambiri isanaphwasulidwe mu 1932. "Kubwereka" nakonso sikukwanira, chifukwa wobwereka amapempha ndipo mwini akhoza kukana. Apa mwini analibe mpata wokana. Ine ndingalembe kuti "boma linalamula kuti sitimayo ikagwire ntchito ya nkhondo". N'kotalikirapo, inde, koma n'zimene zinachitika. Mungalembenso chimodzimodzi za Chauncy Maples, sitima ya amishoni a UMCA, yomwe inanyamula asilikali pa nyanja yathu pa nkhondo yomweyi.

Tibwere pa "inamira". Kumira kumachitika popanda kutchula wochititsa: bwato limamira ndi mwera. Pakakhala dzanja la wina timati kumiza, ndipo chochitidwacho timati chamizidwa. Pa 14 Sepitembala 1914 Carmania inapeza Cap Trafalgar pafupi ndi chilumba cha Trindade, kufupi ndi Brazil. Cap Trafalgar nayonso inali sitima yonyamula anthu ya kampani ya Hamburg Süd, yomwe asilikali a Germany anaiika mizinga. Ziwirizi zinaomberana mpaka ya Germany inapendekeka n'kulowa m'madzi. Carmania inapsa kwambiri moti anakaikonzera ku Gibraltar. Choncho lembani kuti "Carmania inamiza Cap Trafalgar", kapena "Cap Trafalgar inamizidwa". Mukasiya "inamira", mwana aganiza kuti inali ngozi chabe.

Funso: Owerenga ena afunsa ngati "ngalawa" silingakhale liwu labwino kuposa "sitima", poti sitima imayendanso pa njanji.

Yankho: Ngalawa ambiri timalidziwira m'Baibulo, ndipo limabweretsa m'maganizo chombo chamatabwa cha asodzi kapena chamatanga. Carmania inali yachitsulo, yotentha malasha. Lembani "sitima yapamadzi" poyamba, kenako "sitima" yokha ikwanira, monga timachitira pokamba za Ilala. Samalani pochulukitsa: sitima imodzi "inamizidwa", sitima ziwiri "zinaomberana".