Kwa adzukulu anga a ku Chirunga: kodi kudzudzula akulu ndi mwano?

Adzukulu anga, uthenga wanu wandipeza. Mukuti pa Chanco munayambitsa gulu lophunzitsa anthu za ufulu wawo ndi kudzudzula zosalungama, koma makolo akukukalipirani kuti "tinakutumizani kukaphunzira, osati kukalimbana ndi boma." Mukutinso mutapita kumudzi wina cha ku Jali kukakamba za maukwati a ana, a mfumu anakubwezani musanakhale ndi pansi pomwe. Ndiye mukufunsa ngati zimenezi ndi mwano.

Si mwano ayi. Mu March 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu, ophunzira a pasukulu panu pomwepo anayenda mumsewu muno mu Zomba kuikira kumbuyo kalatayo, sukulu mpaka inatsekedwa. Chaka chotsatira, pa 14 June 1993, ife tinakavota pa riferendamu. Mu 2011 namo, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitanitsa Dr Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi, aphunzitsi anakana kulowa m'makalasi kwa miyezi yambiri. Njira mukuyendayi ena anailambula kale.

Koma mantha a makolo anu musawaseke. Iwo akukumbukira ndende ya Mikuyu, kumene Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chanco, anatsekeredwa mu 1987 popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Muziwauza kumene mukupita, ndipo mayeso muzikhoza, pakuti fizi imeneyo ena anaipeza atagulitsa mbuzi.

Za ku Jali zija ndiye ndikudzudzulani. Munafika bwanji? Ndikukuonani m'maso mwanga: matisheti ofanana, chimkuzamawu m'manja, Chingerezi chili pakamwa, atsikana ndi anyamata chilili pamaso pa gogo chalo. Pamudzi salowa choncho. Mumayamba mwatuma mmodzi kwa a nyakwawa, iwo akakufikitseni kwa a gulupu, tsiku alitchule ndi eni mudzi. Lisakhale la msika, ndipo kukagwa maliro mubwerere osanyinyirika. Mukafika, khalani pansi, lonjerani, dikirani akupatseni mpata. Atsikana, chitenje sichichotsa digiri. Pakati panu pakhalenso wodziwa Chiyao, chifukwa kuno si agogo onse amamasuka m'Chichewa.

Lamulo lili mbali yanu, zoona. Mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe ngakhale makolo atavomera. Koma mayi amene wakwatitsa mwana wake wa Sitandade 7 nthawi zambiri lamulolo analimva kale pa wailesi. Mufunseni kaye. Mudzamva za chimanga chimene chinapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023, za matemba amene asowa nyanja ya Chilwa ikaphwa, za sekondale imene ili kutali moti mwana amachita lendi kachipinda yekha. Mukamva zimenezo m'pamene mudziwe choti mukanene kwa a DC ndi kwa khansala. Mafumu musawayese adani: Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inatchuka dziko lonse chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Ndipo musalonjeze mjigo kapena alawansi pamene m'thumba mulibe kanthu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Za zionetsero, gawo 38 la malamulo athu limakulolani kusonkhana ndi kuyenda mwamtendere, opanda zida, ndipo a DC mumawadziwitsa pasadakhale, kusanatsale maola 48. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: matayala akayaka pamsewu wa ku Blantyre, nduna imene mwaikwiyira ili phee ku Lilongwe. Amene amapuma utsi wokhetsa misozi ndi mayi wa mandasi wa ku Chikanda, yemwe uja amakukongozani ndalama ya upkeep ikachedwa, ndi wakabaza amene tsikulo agona ndi njala. Sankhani anzanu oyang'anira mzere, woponya mwala mumutulutse nokha apolisi asanafike.

Andale adzabwera ndithu, ena ndi envulopu, ena ndi lonjezo la ntchito. Msungichuma wanu azilemba ndalama iliyonse m'kabuku, ndipo aziwerenga pamaso pa gulu lonse mwezi ndi mwezi. Ku Jali bwererani mukatha mayeso, koma mutsogoze mnzanu amene kwawo ndi komweko, akapepese kaye kwa a mfumu.