Kodi ndi mkaka umene umateteza ana a Afulani ku malungo?

Funso: Adokotala, mwana wanga wa zaka 3 wadwala malungo kawiri chiyambireni dzinja lino. Alamu anga akuti ku West Africa kuli mtundu wa oweta ng'ombe, Afulani, ndipo ana awo sadwala malungo chifukwa amamwa mkaka tsiku ndi tsiku. Kodi ndiyambe kumumwetsa mkaka wambiri? Ndine mayi wa ku Nkhotakota.

Yankho: Pepani mayi ndi matenda a mwanayo. Zimene anamva alamu anuzo zili ndi gwero lake, koma zafika kwa inu zitathiridwa nsinjiro.

Mu 1996, David Modiano ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Burkina Faso, m'midzi ya kumpoto chakum'mawa kwa Ouagadougou. Kumeneko Afulani amakhala moyandikana ndi mitundu ya Mossi ndi Rimaibé, ndipo udzudzu umawaluma onse mofanana. Koma atayeza magazi, anapeza kuti Afulani ochepa ndi amene anali ndi tizirombo ta malungo, ndipo sankadwala pafupipafupi ngati anzawo. Asilikali a m'thupi olimbana ndi tiziromboti anali ochuluka mwa iwo, ndipo akafukufuku ena anapezanso kuti ana ambiri a Afulani anali otupa kapamba. Kapamba ndi amene amasefa magazi. Pogwira pansi pa nthiti zakumanzere za mwana wotere, umamva chinthu cholimba chikugunda zala. Ku Mali nakonso zinaoneka chimodzimodzi poyerekeza Afulani ndi a mtundu wa Dogon.

Chimene chimandichititsa chidwi ine n'chakuti zambiri mwa zobadwa nazo zimene timadziwa kuti zimachepetsa ukali wa malungo zimapezeka kwambiri mwa a Mossi kusiyana ndi Afulani. Ndiye mphamvu ya Afulani ili pena: zikuoneka kuti thupi lawo limafulumira kuukira kachiromboko kakangolowa. Komabe ana awo amadwala ndithu malungo, ena mpaka kuchepa magazi.

Tsono mkaka ndi chakudya chabwino, mwana wa zaka 3 amwe ukapezeka, wowiritsa bwino. Koma si mankhwala a malungo, ndipo sungamupatse chibadwa cha Afulani. Chonde musaudalire.

Kwanu kunyanjako udzudzu ndi wambiri. Mwana azigona m'neti usiku uliwonse. Muziyang'ana ngati yabooka, ndipo muzipisa m'mphepete mwake pansi pa mphasa kapena matiresi. Akatentha thupi, tsiku lomwelo mupite naye akamubaye chala. Akamupeza nawo, amalize LA masiku atatu onse ngakhale atayamba kusewera, ndipo apa ndi pamene mkaka umathandiza, chifukwa LA amalowa bwino m'thupi akamwera ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta. Mukaona zikhatho zayera, akusanza chilichonse, akukomoka kapena kugona mosadzutsika, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.