Apolisi olembedwa ndi ndalama zodzutsira chuma: chaka chachinayi amalipira ndani?

Mayi wina wokhala ku America wanditumizira imelo. Akuti khonsolo ya tauni yawo inalemba apolisi atsopano ndi ndalama za boma zodzutsira chuma, koma lero kukumveka zoti ena achotsedwa ntchito. Funso lawo: kodi ndalamazo zinabedwa?

Mayi, kawirikawiri sikuba ayi. Vuto limakhala m'mene thandizolo linakonzedwera, ndipo chimandiwawa n'chakuti zimenezi zinachitikapo kale anthu akuona.

Pa 17 February 2009, Barack Obama, yemwe anali pulezidenti wa America nthawi imeneyo, anasaina lamulo lodzutsira chuma la American Recovery and Reinvestment Act, la madola pafupifupi 787 biliyoni. Mwa ndalamazi, pafupifupi 4 biliyoni zinadzera ku unduna wa zachilungamo. Thumba lalikulu linali Byrne JAG, la 2 biliyoni, lomwe limagawidwa poyang'ana kuchuluka kwa anthu ndi milandu ya chiwawa m'dera. Ndalama za thumba limeneli zimatha kugula magalimoto, mawailesi a polisi ndi makompyuta, kapena kupita kumakhoti, kundende ndi kothandiza anthu kusiya mankhwala osokoneza bongo. Panalinso 225 miliyoni zolimbana ndi nkhanza kwa amayi, 100 miliyoni zothandizira anthu ochitiridwa zaupandu, ndi 50 miliyoni zosakira ozunza ana pa intaneti.

Koma lomwe likufanana kwambiri ndi nkhani yanu ndi thumba la COPS, la 1 biliyoni yolembera apolisi. Boma linkalipira malipiro a wapolisi woyamba kumene ntchito, pamodzi ndi inshuwalansi ndi penshoni yake, kwa zaka zitatu, khonsolo osasonkhapo kalikonse pa gawolo. Zokoma ndithu. Lamulo lake linali lakuti zaka zitatuzo zikatha, khonsolo imusunge wapolisiyo kwa miyezi ina 12 ndi ndalama zake. Maofesi a polisi oposa 7,000 anapempha ndalama zopitirira 8 biliyoni. Omwe analandira ndi 1,046, ndipo zinakwanira apolisi 4,699.

Tsono taganizirani. Tauni yapempha chifukwa misonkho yagwa, nyumba zatsika mtengo, anthu alibe ntchito. Ikusaina kuti pakatha zaka zitatu ndalama idzakhala nazo. Izitenga kuti? Komanso thumba la COPS silinkagula yunifolomu, mfuti, galimoto, kapena kulipira maola owonjezera. Zonsezo zinali pamutu pa khonsolo kuyambira tsiku loyamba. Ku Columbus, m'chigawo cha Ohio, Obama mwiniwake anapita mu March 2009 kumwambo wa apolisi 25 omaliza maphunziro, amene ntchito zawo zinapulumuka ndi ndalama za Byrne JAG. Zithunzi zinatuluka zokongola, koma ndalamazo zinali zokwanira kumalipira mpaka kutha kwa chaka chomwecho basi. Ndipo biliyoni ija sinatseke dzenje la dziko lonse: mu January 2011 mzinda wa Camden ku New Jersey unachotsa pafupifupi theka la apolisi ake.

Ine ndimati kulemba munthu ntchito yokhazikika ndi ndalama zobwera kamodzi n'kumunamiza iyeyo ndi ana ake. Kuli ngati kukwatira podalira chimanga cha ganyu.

Chinanso chimene andale sakonda kunena: wapolisi akachuluka mumsewu, omangidwa amachulukanso. Aliyense womangidwa amafuna woimira boma pamlandu, loya womuimira ngati ali wosauka, woweruza, labotale yoyeza umboni, ndi malo ogona m'ndende. Mukanenepetsa polisi yokha, milandu imaunjikana ndipo anthu amakhala pa rimandi miyezi yambiri osazengedwa. Galimoto yatsopano ya polisi imaoneka bwino pa chisankho. Kalaliki wa kukhoti samuona aliyense, chonsecho fayilo ikasowa mlandu umaima chifukwa cha iye.

Chochita inuyo

Choyamba dziwani thumba lake. Ngati ndi ndalama za American Rescue Plan ya 2021, zomwe zinapereka 350 biliyoni ku zigawo ndi makhonsolo, zinayenera kukhala zitapatsidwa ntchito pofika 31 December 2024 ndi kutha pofika 31 December 2026. N'kutheka kuti chimene chikuwathamangitsa n'chimenecho. Ngati ndi za COPS, pemphani kwa kalaliki wa khonsolo kalata ya mgwirizano, muone tsiku limene miyezi 12 ija ikutha; kuchotsa malo a ntchitowo tsikulo lisanakwane, popanda chilolezo cha ofesi ya COPS, n'kuphwanya mgwirizano. Yerekezaninso bajeti ya polisi ya chaka chimene thandizo lisanabwere ndi ya chaka chotsatira. Ngati khonsolo inachepetsa ndalama zake chifukwa choti za boma zafika, lamulo la COPS ndi Byrne JAG limaletsa zimenezo, ndipo dandaulo lake limapita ku ofesi ya Inspector General ya unduna wa zachilungamo, yomwe imafufuza kagwiritsidwe ntchito kolakwika ka ndalama za undunawo. Pamsonkhano wa bajeti anthu wamba amapatsidwa mphindi zoyankhula. Pitani ndi kalata ya mgwirizano ndi mabajeti awiriwo m'manja.